Abusa Mkwanda ndi Boti la a Gomani

Loweruka lapitali tinasonkhana ku Nkhudzi kukavundukula chiliza cha Abusa Mkwanda, amene anatisiya chaka chatha. Mwambowo unayenera kukhala wachisoni, koma unakanika. Ulaliki anapatsidwa mmodzi wa ife amene tinadutsa m'manja mwa malemuwo, Abusa Chitsulo, amene tsopano ndi mbusa wamkulu wa mumzinda, wa mimba yake ndi galimoto yake. Munthuyo anatenthedwa, ulaliki n'kumangopita osaona pokhotera. Dzuwa likuswa mtengo, ana akulira kumsana kwa amayi awo, tinangomva mawu a nkhalamba akuyambitsa nyimbo kumbuyo. Anali Mayi Mkwanda, akazi a malemuwo. Ife tonse amene tinaphunzira ubusa pamalo paja tinafa nalo phwete, mlaliki naye n'kutseka Baibulo akupukuta misozi ya kuseka. Alendo ena anadabwa kuti choseketsa n'chiyani pamanda. Sankadziwa kuti umo ndi mmene Abusa Mkwanda ankatitsitsira pa gome lolalikirapo.

Wophunzira akamalalikira, iwo sankakhala kutsogolo pa mpando wa abusa. Ankakakhala kumbuyo kwenikweni, pakati pa asodzi obwera mochedwa amene achezera panyanja. Ankati kumeneko ndi kumene ulaliki umayesedwa. Msodzi woyamba akayamba kuwodzera, iwo ankatsokomola. Wachiwiri akagwetsa mutu, ankatsokomolanso mokweza. Ukapanda kumva chifuwa chimenecho, unkangomva nyimbo yayambika, mpingo wonse n'kuilandira mokondwa, iwe uli pakati pa mfundo yako yachitatu. Potuluka ankakugwira dzanja n'kukuyamikira kuti mfundo ziwiri zoyamba zija zinali zabwino, yotsalayo uisungire sabata ya mawa, siiwola.

Kwa amene sadziwa, koleji yathu ya zaubusa imatumiza ophunzira a chaka chomaliza ku mipingo kuti akayeserere ntchito pansi pa mbusa wokhwima asanadzozedwe. Mayina akamatuluka, aliyense ankapempherera ku Zomba kapena ku Blantyre, kumene kuli madzi a pampopi ndi akhristu ophera mlendo nkhuku. Ku Nkhudzi kunkaopedwa chifukwa cha kutentha, udzudzu, ndi Abusa Mkwanda. Chodabwitsa n'chakuti amene ankapitako akulira ankabwerako akulankhula ngati iwo, akutsokomola ngati iwo, ena mpaka kuyenda mopendekera kumanzere ngati iwo.

Anali munthu wamfupi, wakuda bii, wa mawu aakulu kuposa thupi lake. Jekete sankavula ngakhale mu Okutobala, pamene mchenga umaotcha mapazi ngati chiwaya, koma kumapazi ankavala nsapato za pulasitiki, poti ankati mbusa wa kunyanja sadziwa nthawi imene awoloke madzi. Mayi awo anali Msilamu wa ku Chowe, bambo awo msodzi wachikhristu wa ku Nkhudzi komweko, ndiye Chiyao ndi Chichewa zinkakhalira limodzi m'kamwa mwawo mosakangana. Akasangalala, zikomo ankasanduka sikomo. Sukulu anapita nayo patali, mpaka kunja, ndipo anaphunzitsako Chigiriki ku koleji kwathu. Kenako anapempha okha kuti abwerere kwawo. Anzawo ankati mutu wasokonekera. Iwo ankayankha kuti ku koleji ankangoona ophunzira asanakumane ndi anthu, ndiye anafuna kukawadikirira kumene amagwera.

Tsiku limene wafika, ngakhale utakhala wopanda ndevu ndi imodzi yomwe, unali “abusa anzanga”. Sankanena kuti iwe kwa wophunzira, ngakhale pokalipa, ndipo kukalipa kwawo kunkalasa chifukwa cha ulemu womwewo. Masabata oyamba sankakulola kutsegula mabuku amene wabwera nawo. Ntchito yako inali kuyenda nawo khomo ndi khomo, kupereka moni, kukhala pamkeka, kumvetsera. Pobwerera ankakufunsa mayeso awo: mwana wa a Nasimango amene akudwala uja dzina lake ndani, nanga amuna a mayi uja tinamupeza akuyanika usipa pathandala anapita kuti? Ukalephera, ankapukusa mutu n'kunena kuti mbusa wosadziwa dzina la mwana wa mkhristu wake asadzivutitse n'kuloweza mayina a mafumu a m'Baibulo. Ankatinso ulaliki uli ngati nsomba yaiwisi, umafunika kuupereka msanga kwa mwini wake, ukazungulira nawo mudzi wonse unukha.

Ukadutsa pamenepo ankakupatsa kalasi. Phunziro limodzi ankafuna uliphunzitse kwa ana, kenako kwa amayi, pomaliza kwa akulu ampingo, ndipo ankati oopsa pa onsewa ndi ana, chifukwa akulu amavomera zimene sanamve pofuna kusunga ulemu, pamene mwana amakufunsa mosabisa kuti nanga Mulunguyo anamubereka ndani. Chiphunzitso chimene chagwa ndi funso la mwana, ankati, n'chosapsa, chibwerere pamoto. Aphunzitsi a ku koleji akabwera kudzatiyendera, mkangano wa pakhonde unali womwewo chaka ndi chaka. Iwo ankati Abusa Mkwanda akuiwalitsa ophunzira mabuku, Abusa n'kumati koleji ikutumiza ana a mitu yodzaza koma opanda makutu. Mkangano ukafika pakolasa ankasinthira m'Chigiriki, ife n'kumangopereka madzi akumwa.

Chimene sankachipirira ndi mbusa wodzikonda. Kunabwera wophunzira wina amene ankafuna kuti akamapita kokalalikira, wina azimunyamulira Baibulo kumbuyo monga amachitira alaliki a pa wayilesi ya kanema. Abusa sanamudzudzule. Anangolitenga okha Baibulolo ndi manja awiri, n'kumamutsatira pambuyo atawerama, kudutsa naye pamsika wa nsomba ponse, akuuza anthu kuti apatuke, munthu wa Mulungu akudutsa. Asanafike ndi kutchalitchi komwe, wophunzirayo anali akuchonderera kuti amubwezere buku lake. Wophunzira winanso Abusa anamuuza maso ndi maso kuti ubusa si wake, amakonda phunziro koma anthu amamutopetsa, ndipo akaumirira adzazunza mpingo n'kudzizunzanso yekha. Munthuyo anachoka atakwiya, zaka n'kupita osawalankhula. Lero ndi mphunzitsi wa za Baibulo ku sekondale, wokondedwa ndi ana ake, ndipo Loweruka ndi amene analira kuposa tonse.

Za chakudya anali ndi lamulo lakuti mbusa asafike pakhomo limodzi nthawi ya nkhomaliro kawiri motsatizana, kuopa kuti anthu angayambe kubisa mbale akaona kolala yoyera. Lamuloli ankalisunga ndithu, koma silinkakhudza tiyi. Tiyi ndiye anali tchimo lawo lodziwika. Achipatala atawapeza ndi matenda a shuga, Mayi Mkwanda anatsekera shuga m'kabati, kiyi n'kumangirira pa chitenje. Abusa sanatsutse. Anangochulukitsa maulendo oyendera akhristu. Mayi atazindikira, anayenda okha mudzi wonse kuchenjeza amayi kuti aliyense wothirira abusa shuga adzayankha pa maliro. Kuyambira pamenepo Abusa ankadandaula kuti mumpingo mwalowa mzimu wa umbombo, ndipo khomo lokhalo limene latsala ndi chikondi chenicheni ndi la Che Twaibu.

Che Twaibu ndi shehe wa mzikiti umene uli kuseri kwa msika. Awiriwa anakulira limodzi, ndipo sindinawaonepo atakhala pamodzi osakangana. Ankakangana pa bawo, aliyense akuti mnzake waba njere. Ankakangana za chimkuzamawu cha kumzikiti, chimene Abusa ankati chimadzutsa atambala nthawi isanakwane, Che Twaibu n'kubweza kuti belu la kutchalitchi, lomwe linali limu ya lole yopachika pamtengo, limamveka ngati munthu akukhoma ndowa. Mkangano wawo wosatha unali wa mneneri uja anamezedwa ndi chinsomba, amene onse awiri amamudziwa m'mabuku awo. Abusa ankaumirira kuti anali kampango. Che Twaibu ankati kampango ndi wadyera, sangamulavule munthu ali wamoyo. Komabe wophunzira aliyense ankaperekedwa kwa Che Twaibu kuti amuphunzitse moni wa Chiyao ndi kakhalidwe ka pa maliro a Chisilamu ndi pa sadaka, poti kunyanja kuja banja limodzi limakhala ndi wa kumzikiti ndi wa kutchalitchi, ndipo maliro akagwa onse amalira m'nyumba imodzi. Nawonso Che Twaibu ankatumiza aphunzitsi awo atsopano a madarasa kuti akaone mmene Abusa ankakhazikira chete chigulu cha ana popanda chikwapu.

Abusa Chitsulo aja, mlaliki wa Loweruka, ali ndi nkhani yawoyawo. Atabwera kudzayeserera, ulaliki wawo woyamba anaudzaza ndi mawu a ku koleji. Ali mkati, Abusa Mkwanda anaimika dzanja kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

“Pepani abusa anzanga, a Nasimango pano akufunsa kuti esikatoloje mwatchulayo ndi ndiwo yanji, ndipo imakoma ndi tomato kapena nsinjiro?”

Tchalitchi chonse chinagwa nako kuseka. Koma a Chitsulo omwewo amasimba kuti patapita milungu ingapo anapatsidwa maliro awo oyamba, a kamwana kakang'ono, ndipo ataima kumanda n'kuona kabokosi kaja, mawu anawathawa. Abusa Mkwanda sanawalande mwambo. Anangosendera n'kuima pambali pawo, kuwagwira chigongono, n'kumawanong'oneza mawu amodziamodzi, iwo akubwereza mokweza, mpaka mawu awo enieni anabwerera. Anthu sanadziwe kanthu. Pobwerera kunyumba Abusa sanaitchule nkhaniyo, ndipo sanaitchulepo mpaka tsiku la imfa yawo.

Nditamva chaka chatha kuti agonekedwa m'chipatala ku Mangochi, ndinapita kukawaona. Thupi linali litatha, mawu aakulu aja atachepa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Abusa anzanga, kodi masiku ano mukulalikira pouma?” Mayi Mkwanda anaseka mpaka kutsamira khoma. Anamwino sanamve chimene chinkaseketsa, ndipo kuti ndifotokoze ndiyenera kubwerera ku chaka chimene ine ndinatumizidwa ku Nkhudzi.

Ndinali mkazi woyamba kutumizidwako. Kwathu ndi ku Ntcheu, kumapiri, ndipo madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a mumtsinje wochapira. Abusa ndi Mayi anandilandira ngati mwana wawo, amayi a mumpingo anandikonda, koma akulu ampingo anandilandira ndi nkhope za pa milandu. Wowatsogolera anali a Gomani, mwini maboti a injini ndi makoka, munthu wamtali wa suti yakuda, amene anakhala mkulu wampingo ine ndisanabadwe. Sanali munthu woipa. Ana amasiye ambiri a m'mudzimo ankadya kwawo. Koma akati ayi, mudzi unkadziwa kuti nkhani yatha.

“Abusa, ife mwanayu sitikumukana,” anatero m'vesitili, kachipinda kokumaniramo akulu mapemphero asanayambe, ine ndili pomwepo. “Aphunzitse ana, ayende ndi amayi, aone odwala. Koma pa gome paja, mtsikana wosakwatiwa, ayi. Ine ndili moyo sakwerapo.”

Abusa anangoti amva.

Lamulo la koleji linali loti wophunzira amene sanalalikire pa mapemphero a Lamulungu pamaso pa mbusa womuyang'anira sangadzozedwe. Miyezi inkapita. Ndinaphunzitsa ana, ndinayenda ndi amayi, ndinadziwa mayina a makanda a mudzi wonse, koma Lamulungu lililonse ndinkakhala pansi. Abusa anayesa kukambirana ndi a Gomani kangapo, ndi Baibulo, ndi nthabwala, osaphula kanthu. Akanatha kungolamula, poti mbusa anali iwo, koma ankati mpingo ukang'ambika pakati wosoka adzachokera kuti. Nthawi yanga itatsala pang'ono kutha, ndinalongedza chikwama. Ndinali nditaganiza zobwerera kwathu kukauza mayi anga, amene anandiperekeza pa depoti ndi nthungululu, kuti ubusa wandikana.

Abusa anandipeza pakhonde, chikwama chili pambali.

“Abusa anzanga, mwalongedza bwino. Tsopano masulani. Lamulungu likubwerali mulalikira.”

“Nanga a Gomani, Abusa?”

“A Gomani ndisiyireni ine. Inu konzekerani nkhani ija ya asodzi amene anavutika panyanja osapha kanthu. Ndipo musavale nsapato za gogoda.”

Linali Lamulungu la Mgonero, pamene akhristu a m'midzi yonse yozungulira amabwera pamodzi. Inali nyengo ya mwera, mphepo yozizira ija imene imautsa mafunde n'kutsekereza asodzi kumtunda. M'vesitili Abusa anatembenukira kwa a Gomani ndi ulemu wonse.

“Akulu, tibwereze bwino kuti ndisakulakwireni. Munati abusa anzangawa asakwere pati?”

“Pa gome.”

“Gome liti?”

“La tchalitchi chino. Kodi tili ndi lina?”

“Sikomo kwambiri. Mawu a mkulu wampingo sitiwaponda.”

Nditamva sikomo ameneyo ndinadziwa kuti kuli kanthu.

Mapemphero anayamba monga mwa nthawi zonse. Itakwana nthawi ya ulaliki, Abusa anawerenga okha mawu, mmene khamu linapanikizira Ambuye m'mbali mwa nyanja, iwo n'kupempha ngalawa ya msodzi wina kuti akhalemo pophunzitsa. Atatseka buku anayang'ana anthu, amene anali atathinana mpaka m'mawindo, n'kunena kuti nkhani ngati imeneyi si yomvera m'nyumba pamene nyanja ili pakhomo. Anayambitsa nyimbo n'kutuluka. Kwaya inatsatira, amayi anatsatira, ana anathamangira kutsogolo. Akulu ampingo anayang'anana, koma sakanatsala okha ndi mabenchi.

Pagombe maboti onse anali atakokeredwa pamchenga chifukwa cha mphepo, kupatula limodzi, lalikulu, lopakidwa penti watsopano, limene linali pa nangula m'madzi ofika m'mawondo poti matabwa ake atsopano ankafunika kumwa madzi. M'mbali mwake munalembedwa kuti NDATOPA NDI NSANJE. Linali la a Gomani.

“Abusa anzanga, gome lanu ndi ilo,” anatero Abusa mokweza. “Si la tchalitchi chino.”

Ndisanayankhe, amayi awiri anali atandigwira m'mikono. Anandivula nsapato, kundiwolotsa, n'kundikankhira m'botimo ngati thumba la chimanga. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuponda m'boti. Nditaimirira, dziko lonse linayamba kupendekeka. Ndinatulutsa mapepala a ulaliki umene ndinaukonza mosamala, wa mfundo zake zondondozana bwino, koma mphepo inangowatsomphola m'manja. Ndinawaona akuyandama ngati abakha, ulendo wa kutsidya.

Zovuta sizinathere pomwepo. Kukankha kwa amayi aja kunasuntha nangula, boti n'kuyamba kutembenuka pang'onopang'ono. Posakhalitsa ndinapezeka ndafulatira mpingo, ndikupereka moni kwa mafunde. Ndipo kumbuyo kwa boti, kumene kunali injini, kunkalunjika pa miyala imene ili pagombe paja.

“Injini yanga!”

Anali a Gomani. Sanavule nsapato, sanapinde thalauza. Analowa m'madzi ndi suti yawo ya Mgonero, nagwira boti ndi manja awiri, kulitembenuza mpaka ndinayang'anananso ndi anthu. Atayesa kulisiya, funde linalikankhiranso kumiyala. Anagwiranso. Anayang'ana kumtunda kufuna antchito awo a pa boti, koma onse anali ataweramitsa mitu, maso atatsinzina, akuti akupemphera. Choncho anaima pomwepo, mafunde akuwamenya m'chiuno.

“Mayi inu,” anatero chapansipansi, mano akugundana, “ngati mukulalikira lalikirani msanga. Madziwa akuzizira.”

Mawu amenewo ndinawatenga ngati chilolezo. Popanda mapepala, ndinalankhula zimene ndinaziona miyezi yonse ija ndikuyenda khomo ndi khomo. Ndinanena za mathandala opanda usipa nthawi ya mwera, za amayi amene amalawirira kukadikira maboti n'kubwerera ndi mabeseni opanda kanthu, za bambo amene amatsuka ukonde wake mozengereza chifukwa alibe choti akanene kunyumba. Ndinati Ambuye sanapite kwa msodzi amene anapha zambiri. Anasankha boti la munthu wotopa, wokhumudwa, amene mwina sankafuna ndi kuona munthu komwe tsiku limenelo, n'kulowamo. Ndinatchula ena mayina, iwo n'kumavomera. Pagombe panali zii, kupatula mafunde. Ngakhale asodzi a Chisilamu amene ankasoka maukonde chapatali anaimika manja. Sindinatalikitse, poti milomo ya a Gomani inali itayamba kutuwa. Nditamaliza, ameni wamkulu kuposa onse anachokera m'madzi.

Tsiku limenelo Abusa sanatsokomole. Che Twaibu, amene anaonerera zonse ali pansi pa mtengo, anadzawauza pambuyo pake kuti aka kanali koyamba kumva ulaliki wa kutchalitchi kwawoko ukutha omvera asanathe.

Abusa akanasiyira pomwepo bwenzi zili bwino. Koma pakamwa pawo sipankatha kulambalala nthabwala. A Gomani akutuluka m'madzi, suti ikuchucha, Abusa anakweza mawu.

“Abale, ndatumikira zaka zambiri, koma sindinaonepo mkulu wampingo wochirikiza mlaliki ngati mmene achitira a Gomani lero!”

Gombe lonse linaphulika. A Gomani sanaseke. Anadutsa pakati pa anthu osacheuka, ndipo titabwerera m'tchalitchi kukadya Mgonero iwo sanaoneke.

M'sabata yomweyo anakwera galimoto kukadandaula kwa akuluakulu a mpingo wathu. Abusa anaitanidwa ku Mangochi, ndipo anadzudzulidwa kolimba chifukwa chotulutsa mapemphero m'tchalitchi ndi kuchititsa manyazi mkulu wampingo pagulu. Nthawi imeneyo dzina lawo linkamveka kuti ndi limene lidzatsogolere koleji yathu. Kuchokera pamenepo silinamvekenso. Ine nditamva ndinalira, n'kuwapepesa kuti zonsezi zawagwera chifukwa cha ine. Anandiyankha kuti ndisadzikweze, iwo anayamba kukhumudwitsa akuluakulu ine ndisanabadwe, ndiponso ku koleji kulibe chambo.

Chimene chinawasowetsa mtendere chinali cha a Gomani. Ananditenga kupita kunyumba kwa mkuluyo, ndipo atafika anakana mpando umene anawapatsa, n'kukhala pamkeka.

“Akulu, ndabwera kudzapepesa chifukwa cha pakamwa pangapa. Ndinachititsa kuti anthu akusekeni, inu muli wonyowa. Ndinalakwa.”



“Koma za boti zija sindipepesa,” anawonjezera Abusa.

“Ndikudziwa,” anatero a Gomani. “Suti ija inafupika. Manja akulekeza apa.” Analoza pakati pa mkono.

Woyamba kuseka anali akazi awo, ali kuseri kwa chitseko. Kenako mapewa a a Gomani eni ake anayamba kugwedezeka. Anaitanitsa tiyi, ndipo ndinaona ndi maso angawa akuthira okha shuga m'kapu ya Abusa, osaleka, ngati munthu wobwezera.

Pa msonkhano wotsatira wa akulu ampingo, a Gomani anaimirira n'kunena kuti maganizo awo sanasinthe, koma injini si chinthu choseweretsa, ndipo boti lawo silingakhale gome Lamulungu lililonse. Ngati mayiyu ayenera kulalikira, alalikire pamalo posagwedera. Ndinakwera pa gome Lamulungu lotsatira, ndipo pambuyo panga pabwera akazi ena amene akwerapo osanyowa. Zaka zitapita ndinawafunsa Abusa ngati zonse zija anazikonza dala. Anati boti analisankha okha, koma mphepo, nangula ndi miyala zinali za Eni ake, iwo anangodabwa nawo ngati wina aliyense. A Gomani sananenepo kuti analakwa. Loweruka anali nafe pamanda, atakalamba, akuyendera ndodo. Anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunditchula kuti abusa, kenako anandifunsa ngati ndinaphunzira kusambira.

Mwambo wa chiliza utatha, tinaperekeza Mayi Mkwanda kunyumba imene anamanga Abusa atapuma ntchito, cha kumsewu wopita ku Makokola. Anthu akudya panja, Mayi anandikodola n'kunditsegulira kachipinda ka kumapeto kwa khonde, kamene Abusa ankakatcha ofesi. Ndinkayembekeza kupeza mabuku mpaka kudenga. Munalibe ndi limodzi lomwe. Mayi anati m'miyezi yomaliza, wophunzira aliyense wobwera kudzazonda ankachoka ndi katoni, ndipo womaliza anatenga zotsala zonse atamangirira pa kabaza.

Mashelefu a matabwa ali mbee, fumbi likuonetsa pamene buku lililonse linkalekeza. Tebulo analitulutsa kuti adyerepo alendo, ndiye pa simenti pangotsala timadontho toyera pamene pankaponda miyendo yake. Magalasi awo owerengera ali pawindo, mwendo umodzi womangidwa ndi ulusi wa ukonde. Mpando wawo uli pomwe unali, koma uli ndi mwini watsopano, nkhuku yathadzi yofiira, itakhala phee pa khushoni, ikutiyang'ana ndi diso limodzi.

“Musaithamangitse, abusa,” anatero Mayi. “Ikufungatira. Ndinayesa kuichotsa, imabwerera.”

Tinakoka chitseko pang'onopang'ono, kusiya kampata koti izitulukira. Pawindo lopanda katani kamphepo kankalowa kakuulutsa fumbi la m'mashelefu, ndipo m'chipinda monsemo munkangomveka nkhuku ija ikutembenuza mazira ake.